MASTERS NDI YA ANA A NDANI? FUNSO LOCHOKERA KU ITAWA

 Nkhani ya lero ndi yaitaliko, pezani pokhala.

Sabata yatha ndinali pamaliro kuno ku Itawa. Mudziwa mmene zimakhalira usiku pamoto wa azibambo: nyimbo zikachepa, ndale zimayamba. Mnzanga wina amene ndinakula naye anakamba kuti akusakila ndalama zoti akachite masters ya business economics. Digiri ali nayo kale, ndipo anakhoza bwino, koma chaka chachitatu chino ali mu kabuthi ka mobile money. Asanamalize n'komwe, mkulu wina wovala bwino, wa chipani cholamula, anaseka nati: "Imwe ba youth, masters ni ya chani? Muzadya pepala? Yendani ku CDF mukaphunzire welding, ndiye muli ndalama."

Anthu anaseka. Mnzanga anangoyang'ana pansi.

Pamaliro sitikangana, choncho ndinatseka pakamwa. Koma yankho ndinabwera nalo kunyumba, ndipo ndalilemba pano poyera kuti ndi akuluakulu awo omwe aliwerenge.

Ndiyambe ndi ichi: welding sindiinyoza. Amalume anga anatilera ndi welding, ndipo NORTEC kuno ku Ndola yatulutsa amisiri amene agwira migodi ya dziko lino kwa zaka zambiri. Dziko lopanda amisiri ndi dziko lakufa. Koma bambo aja sanakambe zimenezo chifukwa chokonda welding. Mwana wawo sangamuuze mawu amenewo. Anakamba chifukwa m'mitu ya anthu ena muli malire: mwana wa uje afike apa, mwana wa uje apitirire. Malire amenewo ndi amene ndikulimbana nawo lero.

KODI MAPHUNZIRO AMENEWA NDI A CHIYANI?

Ambiri akamva business economics amaganiza kuti ndi Chingerezi cha anthu a mataye. Ayi. Ndi masamu amene amayi athu a pa msika wa Masala amachita m'mutu tsiku lililonse: ndaoda zingati, transipoti yadya zingati, zoola ndi zingati, ndigulitse bwanji kuti mawa ndikaodenso. Kusiyana kwake n'kwakuti amene wachita masters amachita masamu omwewo pa mgodi, pa fakitale, pa banki ndi pa nkhongole ya dziko. Amaphunzira mmene kampani imaikira mitengo, mmene imabisira kapena kuonetsera phindu, mmene kugwa kwa kwacha kumalowera mu mtengo wa saka ya unga, ndi mmene ungadziwire ngati dola imene walonjezedwa kuti udzalandira zaka 20 kutsogolo ili ndi mphamvu yanji lero.

Manje tiyeni tione ngati pepala limeneli silidyedwa.

Mu Meyi 2020, Khoti Lalikulu Kwambiri la dziko lino linagamula mlandu wa pakati pa ZRA ndi Mopani Copper Mines. ZRA inakamba kuti Mopani inali kugulitsa kopa kwa Glencore, amene anali mwini wake wamkulu, pa mtengo wotsika kuposa umene inali kugulitsira anthu ena. Khoti linagwirizana ndi ZRA, ndipo Mopani inauzidwa kulipira K240 miliyoni ya msonkho.

Kuti timvetse, tiyerekeze chonchi. Muli ndi dimba la tomato, ndipo khonsolo imatenga msonkho pa phindu lanu. Bokosi limene pamsika ndi K300, inu mulemba kuti mwagulitsa kwa mng'ono wanu pa K200. Mng'ono wanu akaligulitsa kutali pa K300 yomweyo. Wa khonsolo akabwera, mumuonetsa buku n'kunena kuti chaka chino zinthu zavuta, phindu kulibe. Ndalama ili m'banja mwanu mommo, yangosintha thumba. Pa Chingerezi amati transfer pricing. Kuti uigwire, uyenera kudziwa mtengo wa kopa pa msika wa ku London tsiku limene anagulitsa, kudziwa mtundu wa kopayo, kuwerenga mapangano a pakati pa makampani apachibale, ndi kuima m'khoti osagwedezeka pamaso pa maloya ndi akatswiri amene kampani yalemba. Mlandu umenewu unali wa misonkho ya zaka za pakati pa 2006 ndi 2010, ndipo unatha mu 2020. Anaupambana ndi anthu amene anakhala pansi n'kuphunzira. K240 miliyoni, bambo anga a pamaliro, ndi pepala limene linadyedwa.

Chitsanzo chachiwiri. Kuyambira mu 2022 boma lino linalola kuti msonkho wa royalty umene migodi imalipira uzichotsedwa kaye asanawerengere msonkho wa phindu. Msonkho wa phindu pa migodi ndi 30 peresenti. Tanthauzo lake ndi lakuti pa K100 iliyonse ya royalty imene mgodi wopeza phindu walipira, msonkho wake wa phindu utsika ndi K30. Boma linati izi zidzakopa ndalama zatsopano m'migodi ndipo tidzafika matani 3 miliyoni a kopa pachaka pofika 2031. Mu 2024 tinakumba matani opitirira pang'ono 800,000. Funso la munthu wophunzira ndi lakuti: zimene tasiya kutolera lero ndi zingati, ndipo kopa wowonjezera ayenera kufika pati kuti tibweze zimenezo? Funso limeneli lili ndi yankho la manambala. Ndani kuno ku Kopala, kumene kopayo akuchokera, amene tamuphunzitsa kuti aliwerengere payekha osadikira kuuzidwa ndi Lusaka?

Tinalumidwapo kale. Pamene ZCCM inagulitsidwa mu 2000, mapangano a migodi ikuluikulu anaika royalty pa 0.6 peresenti chabe. Mtengo wa kopa utakwera zaka zotsatira, eni migodi anakolola, ife tinatsala ndi fumbi ndi maenje m'misewu. Boma la a Mwanawasa linabweretsa windfall tax mu 2008, koma mu 2009 inachotsedwa. Amene anali mbali inayo ya tebulo anabwera ndi akatswiri awo. Ife tinabwera ndi nkhongole pamsana ndi changu chofuna kusaina.

NKHONGOLE IMENE ANA ATHU ADZALIPIRA

Dziko lino linakongola ma Eurobond atatu: madola 750 miliyoni mu 2012, 1 biliyoni mu 2014, ndi 1.25 biliyoni mu 2015. Mu Novembala 2020 tinalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kugwa pa nkhongole m'nthawi ya Covid. Chaka chomwecho boma linalemba kampani ya Lazard ya ku France kuti itilangize pa nkhongole, pa mtengo wa madola 5 miliyoni. Boma litasintha mu 2021, alangizi anakhala omwewo. Mu Ogasiti 2022 IMF inavomera kutikongoza madola 1.3 biliyoni. Mu Juni 2023 ku Paris tinagwirizana ndi maiko amene tili nawo nkhongole pa madola 6.3 biliyoni, ndipo malipiro anatambasulidwa mpaka 2043.

Mwana amene anabadwa ku Itawa mu 2025 adzakhala ndi zaka 18 mu 2043. Adzafika msinkhu wovota nkhongole imeneyi ikungomalizidwa. Ndipo mu mapangano amenewa muli mfundo yakuti chuma chathu chikaoneka kuti chalimba, tidzayamba kulipira mofulumira ndiponso mochuluka. Ndi angati mwa ife amene anauzidwa zimenezi pa msonkhano wa ndale? Tinangouzidwa kuti tiombe m'manja.

Akuluakulu amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Zoona. Koma mudzi umene chaka ndi chaka umadikira mlendo kuti umete, mudzi umenewo uli ndi vuto. Madola 5 miliyoni a mlangizi mmodzi, ganizirani ndi achinyamata angati amene akanamaliza masters pa CBU kapena pa UNZA ndi ndalama imeneyo. Sindikamba kuti mlangizi asalembedwe. Ndikamba kuti dziko limene lili ndi ndalama yolipira nzeru za alendo silinganene kuti lilibe ndalama yolera nzeru zake.

NDOLA IDZIWA MTENGO WA MASAMU OLAKWIKA

Ife a ku Ndola nkhani imeneyi sitiiwerenga m'buku. Funsani makolo anu za Dunlop. Afunseni za Colgate-Palmolive ndi Johnson & Johnson. Tauni ino inali ya mafakitale, anthu anali kudzuka ndi belu la shifiti. Misika itatsegulidwa mwadzidzidzi m'zaka za m'ma 1990, katundu wakunja analowa motchipa, mafakitale anatseka limodzi ndi limodzi, ndipo nyumba zina za mu industrial area zinasanduka mosungira katundu wa anthu ena.

Indeni inatsegulidwa mu 1973, ndipo paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 inali kubweretsa mafuta osayenga kuchokera ku Dar es Salaam. Boma lino linaimitsa kuyenga mafuta pa Indeni, ndipo kuyambira 2023 paipi imanyamula dizilo woyenga kale. Anatiuza kuti fakitale yakalamba ndipo imadya ndalama. Chabwino, amenewo ndi masamu a mbali imodzi. Nanga a mbali inayo? Ogwira nchito amene anapita kunyumba, makontrakitala ang'onoang'ono amene anali kudalira pamenepo, eni nyumba za lendi, amayi ogulitsa nsima pa geti, zonsezo zili ndi mtengo, ndipo pali njira yophunziridwa yowerengera mtengo umenewo. Anthu a ku Ndola anayenera kuonetsedwa masamu onse awiri.

Chimodzimodzi ndi Mopani, imene ZCCM-IH inatenga kwa Glencore mu 2021 pa dola imodzi ndi nkhongole ya madola 1.5 biliyoni, kenako 51 peresenti n'kupita kwa IRH ya ku Abu Dhabi mu 2024 pa madola 1.1 biliyoni. Chimodzimodzi ndi KCM imene inabwezedwa kwa Vedanta. Awa ndi mapangano amene adzalamulira moyo wa Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Chililabombwe kwa zaka makumi. Tikufuna ana a m'matauni amenewa amene angatenge pangano, n'kuliwerenga tsamba ndi tsamba, n'kutiuza m'chilankhulo chathu kuti apa tapindula, apa tadyeredwa.

MAKWERERO AMENE ANAKWERAPO

Manje mvetserani apa, chifukwa ndi pamene pandiwawa maningi.

Pulezidenti Hakainde Hichilema anaphunzira economics ndi business administration pa UNZA ndi basale ya boma, ndipo iwo eni amakamba kawirikawiri kuti anali mwana wa kumudzi amene maphunziro aulere anamutukula. Atamaliza anapita ku University of Birmingham ku Britain kukachita MBA. Nduna ya zachuma, a Situmbeko Musokotwane, anayambira pa UNZA n'kukatenga PhD ku Konstanz ku Germany. Bwanamkubwa wa Bank of Zambia, a Denny Kalyalya, anayambira pa UNZA n'kukatenga PhD ku Massachusetts ku America. Anthu atatu amene agwira chikwama cha dziko lino, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaima pa digiri yoyamba.

Sindiwachitira nsanje. Anachita bwino. Koma palibe amene anawauza kuti muzadya pepala. Nanga bwanji anthu awo akuuza ife?

Pamene tinalandira ufulu mu 1964, dziko lonse linali ndi anthu a digiri pafupifupi 100 chabe. Makolo athu sananene kuti digiri ni ya chani. Anasonkha, wina nkhuku, wina mbuzi, wina kandalama kochepa, ndipo mu 1966 UNZA inatsegulidwa. Mu 1987 CBU inaima payokha ku Kitwe, ndipo sukulu ya bizinesi ndi imodzi mwa mizati imene inayambira. Anthu amene ambiri sanapite kusukulu anadziwa kuti ufulu wopanda anthu ophunzira ndi mbendera chabe. Lero ife, adzukulu awo, tikuuzidwa kuti tichepetse maloto.

CHITSEKO CHILI KUTI?

Tiyeni tione njira zimene zilipo kwa mnzanga wa mu buthi uja.

HELSB, bungwe la nkhongole za maphunziro limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2016, limakongoza ophunzira a digiri yoyamba m'mayunivesite a boma. Ukamaliza digiri, chitseko chatsekeka, chimene chatsala ndi kubweza. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo yakhala ikukwerabe, koma mabasale ake ndi a sekondale ya boarding ndi maphunziro a luso la manja. Masters mulibe. Kwatsala maskolashipu a maiko akunja, monga Chevening ndi Commonwealth a ku Britain ndi ena amene amadzera ku boma kuchokera ku China, India ndi Russia. Malo ake ndi ochepa, dziko lonse limalimbirana, ndipo kungolembetsa kumafuna intaneti yabwino, pasipoti, ndi wina wokuthandiza kulemba kalata. Mwana wa ku Kabulonga zimenezo ali nazo pa tebulo la chakudya. Wa ku Chifubu, Twapia kapena Kabushi ayambira pati?

Njira yotsala ndi kudzilipirira. CBU ili ndi maphunziro a masters a bizinesi, mayunivesite a eni ake aliponso kuno ku Ndola ndi ku Kitwe, ena a madzulo, ena a pa weekend. Koma amene amadzaza makalasi amenewo ndi amene ali kale pa nchito ya malipiro abwino, kapena amene kampani ikuwalipirira. Choncho masters imapita kwa amene ali nazo kale. Amene alibe nchito sangachite masters chifukwa alibe ndalama, ndipo pa nchito zina akuuzidwa kuti amene ali ndi masters ndiye ayamba kuonedwa. Ndi bwalo lozungulira, ndipo mwana wa wosauka ali kunja kwake.

Za ine mwini sindibisa. Ndili ndi dipuloma ya bizinesi. Ndinayamba digiri ya madzulo ndi ndalama za mapisiweki, ndipo ndinaima pa semesita yachitatu pamene atate anadwala, ndalama ya fizi n'kupita ku mankhwala. Sindinalephere mayeso ngakhale amodzi. Amene ali ngati ine ndi ambiri: tili ndi madipuloma, tili ndi mitu, koma masitepe a pamwamba anachotsedwa.

ZIMENE MUDZAYANKHA, NDIKUZIDZIWA KALE

Ena mudzati: ma graduate ali kale mumsewu, tiwonjezerenso a masters? Ndikumva. Koma ulova wa ma graduate ndi chizindikiro cha chuma chimene chimatumiza kopa kunja n'kugula waya wa malaiti wochokera kunja. Kuti chuma chimenechi chisinthe pafunika anthu odziwa kuwerengera ngati fakitale ingaime, ingapeze kuti ndalama, ingagulitse kuti. Mu 2024, chilala chitaumitsa Kariba, malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse. Wometa tsitsi, wowotcherera zitsulo, wogulitsa nkhuku za mu firiji, onse anagwa pamodzi. Ndi welding yomwe ija imafuna malaiti, ndipo malaiti amafuna munthu amene anawerengera zaka 10 zapitazo kuti dziko silingadalire madzi okha. Wa welding ndi wa masters ndi anthu a nyumba imodzi.

Ena mudzati ndalama kulibe. Sitikupempha mphatso. Tikupempha nkhongole, imene munthu adzabweza akayamba nchito monga mmene ena akubwezera kale. Ndipo boma limene linapeza njira yopepukitsira migodi msonkho lingapezenso njira yophunzitsira anthu oti aziyang'anira migodiyo.

Ena mudzati tikawaphunzitsa adzathawira kunja. Ena adzapita, inde. Dambisa Moyo anabadwira ku Lusaka, anaphunzira ku Harvard ndi ku Oxford, ndipo lero ali mu House of Lords ku London. Koma mankhwala a vuto limenelo ndi odziwika: amene boma lamulipirira asaine kuti adzagwira nchito kuno zaka zingapo, ndipo nchitoyo ikhalepo. Simuleka kubyala chimanga chifukwa choopa mbalame.

Ndipo ena, ndikukuonani, mudzati: inu a opposition mukamba chani, vuto ili linayamba lero? Silinayambe lero. Maboma onse amene apita ali ndi gawo lawo, ndipo manambala ndalemba pamwambapa sindinabise a wina aliyense. Ndivomerezanso kuti sukulu yaulere mpaka giledi 12 imene inayamba mu 2022 ndi chinthu chabwino, ndipo kubwezeretsa ndalama ya chakudya ya ophunzira a m'mayunivesite kunali koyenera. Koma amene ali pampando ndi amene amafunsidwa. Ndipo taganizirani: ana onse amene mwawalowetsa m'kalasi mwaulere akukula. Mukuwamangira nyumba yopanda denga.

ZIMENE TIKUFUNA

1. HELSB itsegule nkhongole ya masters m'mayunivesite a boma, kuyambira ndi maphunziro amene dziko likuwasowa: zachuma, misonkho, migodi, mphamvu za malaiti ndi ulimi. Kasankhidwe kakhale poyera, maina ndi zigawo zochokera zisindikizidwe.

2. Pakhale nkhongole ya anthu a madipuloma amene akufuna kumaliza digiri, kuphatikizapo a madzulo ndi ophunzira ali kunyumba. Munthu asatayidwe chifukwa anayambira ku koleji.

3. Kagawo ka royalty ya kopa kapatulidwe mwa lamulo kuti kazilipirira maphunziro apamwamba pa CBU. Amene apindula asaine kugwira nchito ku ZRA, ku ZCCM-IH, ku unduna wa migodi kapena ku makhonsolo a kuno ku Kopala. Kopa adzatha tsiku lina. Chimene chidzatsala ndi chimene tinaika m'mitu ya anthu.

4. Mlangizi aliyense wakunja amene boma lalemba pa nkhani za nkhongole kapena migodi, pangano lake linene kuti adzagwira nchito pamodzi ndi achinyamata a dziko lino amene akuchita masters ndi PhD. Mlendo akamapita, kalumo katsale.

5. Mapangano a migodi ndi a nkhongole aikidwe poyera. Lamulo la Access to Information linasainidwa mu Disembala 2023. Ophunzira athu aphunzire pa mapangano athu enieni, asamangoloweza zitsanzo za makampani a ku America.

6. Higher Education Authority ndi ZAQA alimbe pa masukulu ogulitsa mapepala. Masters ya miyezi yochepa yopanda kafukufuku ndi kuba, ndipo amene amaberedwa kwambiri ndi wosauka amene wagulitsa puloti kuti alipire.

KWA ANZANGA ACHINYAMATA

Nafenso tili ndi mbali yathu. Masters si gauni yojambulitsira zithunzi. Ngati cholinga ndi kuwonjezera zilembo kumbuyo kwa dzina, ndiye kuti bambo a pamaliro aja anakamba zoona. Amene mwapeza mwayi wolowa, sankhani kafukufuku amene adzathandiza kwanu. Lembani za mmene kusintha mtengo wa mafuta mwezi ndi mwezi kumakhudzira oyendetsa maminibasi a ku Lubuto ndi Mushili. Lembani za chifukwa chimene makontrakitala athu amagwera akadikira malipiro miyezi yambiri. Lembani za chiwongoladzanja cha kaloba ndi tinkhongole ta pa foni timene tikumaliza amayi a pa msika. Lembani za mtengo weniweni wa zimene zinachitika mu Febuluwale 2025, pamene damu la zinyalala za mgodi linaphulika ku Chambishi, asidi n'kulowa mu Mwambashi ndi Kafue, Kitwe n'kukhala yopanda madzi. Mlimi amene munda wake unapsa amafuna munthu wodziwa kuwerengera zimene wataya, chaka chino ndi zaka zikubwerazo, kuti asapatsidwe chipukutamisozi cha saka imodzi ya unga.

Ndipo mukamaliza, bukulo lisaole pa shelufu. Bwerani nalo ku holo ya tchalitchi, ku msika, pa wailesi, mutifotokozere m'Chinyanja ndi m'Chibemba.

Amene simunafike, monga ine, tisaleke kuwerenga. Bajeti ya dziko imawerengedwa mu Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse, ndipo ili pa intaneti. Malipoti a Auditor General alipo. Zolemba za ZIPAR zilipo. Wachinyamata amene adziwa kuwerenga bajeti ndi wovuta kumugula ndi chitenje ndi K50. Mwina n'chifukwa chake ena safuna kuti tipite patali.

Mnzanga uja ndinamuona dzulo. Anali mu buthi mwake, dzuwa likuswa mtengo, buku la statistics lili pamwendo, akuwerenga pakati pa makasitomala. Ndinamufunsa ngati mawu a bambo aja anamufooketsa. Anati, "Boyi, ine nizapita chabe, olo zitenge zaka ten." Ndikhulupirira adzapita. Koma n'chifukwa chiyani zitenge zaka 10, m'chigawo chimene magalimoto odzaza kopa amadutsa usana ndi usiku?

Funso limeneli mukalifunse kwa phungu wanu, kwa khansala wanu, ndi kwa aliyense amene adzabwera pakhomo panu kudzapempha voti, wa chipani chilichonse, ngakhale chathu chomwe. Mumufunse kuti mwana wa wogulitsa pa msika amene wakhoza digiri apite kuti. Akakuyankhani kuti muzadya pepala, mumufunse kumene ana ake akuphunzira.

Ngati muli ndi digiri kapena dipuloma imene yaima chifukwa cha ndalama, lembani pansipa zimene munaphunzira ndi tauni imene muli. Tikufuna tidziwane kuchuluka kwathu, kuti pokapereka madandaulo amenewa tipite ndi chiwerengero m'manja. Gawaniko uthengawu kwa anzanu a ku Kitwe, Luanshya, Mufulira, Chipata ndi Lusaka.



Mlembi wa Achinyamata
Itawa, Ndola